Msewu Wasunthidwa

"Bambo, zimitsani injini!" anakuwa mtsikanayo ataima kutsogolo kwa thirakitala yolambula msewu yomwe bambo ake ankayendetsa.

Mtsikanayo ankayang'anira zachilengedwe pamalo omangapo makina opangira magetsi ndi mphepo. Mumtengo womwe ankati augwetse anali ataonamo ana a chiwombankhanga ali m'chisa.

Anakangana ndi injiniya mpaka mawu kusasa. Pomaliza injiniya anagonja, nalamula kuti zikhomo za msewu zisunthidwe.

Zikhomozo zinatsetserekera kumunda kwawo kwakale, n'kukathera patsinde pa mango amene malemu mayi a mtsikanayo anabzala ali ndi pakati pa iyeyo.

"Wapambana, mwanangu," anatero bambo ake akupukuta m'maso ndi chipewa. "Tachoka kaye, usaonerere."

Kenaka analiza injini.