Kakowa Ayendera Dziwe la Achule

Padangotero, dziwe la achule lidayamba kununkha chifukwa Mvuu ankadzithandizira kumtunda kwake. Ana ake atadwala m'mimba, Nachule adakadandaula kuboma.

Boma lidatumiza Kakowa, atavala zoyera mbee. Adaima ndi mwendo umodzi kuopa kudetsa winawo.

"Mvuu ali apoyo, bwana," adatero Nachule.

"Amenewo ndi akuluakulu, mayi. Ine ndadzera odwala. Bwerani nawo ndiwapime."

Nachule adawandandalika anawo mwaulemu. Kakowa ankawapima ndi mlomo, mmodzimmodzi, khosi likugwedera.

"Nanga ana anga ali kuti, bwana?"

"Thokozani boma, mayi," adatero Kakowa akuuluka. "M'dziwe muno mulibenso wodwala."

Mvuu sadasinthe malo. N'chifukwa chake mpaka lero achule amadandaula usiku wokhawokha, Kakowa atagona.