Manja a Che Kassimu

Mnzanga wina anandifunsa tili pa mzere wa chigayo: "Mai, kanema wa pa WhatsApp ndi wa pa chimbale, si mmodzi yemweyo?" Ndinamuyankha ndi nkhani iyi, ndipo amene anandiuza akuti inachitikadi.

Panali mkulu wina pa purazi ya fodya kufupi ndi Concession, tauni ya kumpoto kwa Harare, dzina lake Che Kassimu. Anachoka ku Namwera ali mnyamata ndipo sanabwerereko. Atakalamba, anamva kuti mlongo wake, Abiti Saidi, akadali moyo. Chomwe ankafuna asanamwalire n'chakuti mlongoyo amuvomere kuti ndi m'bale wake.

Anatumiza uthenga, koma yankho linabwera louma. "Onama abwera kale kuno, ofuna munda. Mlongo wanga ankaluka lichero ndi dzanja lamanzere, n'kupinda mkombero chobwerera ngati atate. Ndione manja akewo."

Mwana wa Che Kassimu, Latif, anabwereka foni yabwino n'kujambula bambo ake akuluka. Kanemayo anatuluka bwino, HD, nsungwi iliyonse ikuoneka payokha. Kenako anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kupita kwa Godknows, wobena zimbale, ndiye kuti woika makanema pa DVD, ku Concession. Pankafunika chimbale chifukwa Abiti analibe foni, ankaonera TV ya mdzukulu wawo.

Godknows anaika kanemayo m'kompyuta, n'kunena, "Mukoma, uyu timutulutse pawiri. Wamkulu tibene pa DVD, wamng'ono akhale wa pa Intaneti. Koma woyambirirayu musamufufute."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Kompyuta yanga ndi gogo. Mubwere mawa."

"Mawa! Basi ya ku Malawi ikudikira iwe? Kanema ndi kanema, iwe."

Latif anatuluka ndi ukali. Kanemayo anamutumiza pa WhatsApp kwa msuweni wake ku Harare. Msuweniyo anabena chimbale kuchokera pa WhatsApp pomwepo n'kupatsa kondakita wa basi ya ku Malawi. Mwini foni atadandaula kuti yadzaza, Latif anafufuta woyambirira uja. Amvekere, "Ali kale pa WhatsApp, palibe chatayika."

Sankadziwa kuti WhatsApp imafinya kanema kuti apepuke. Pa foni amaoneka bwinobwino, koma pa TV ya ku Namwera zala za mkuluyo zinangosanduka chifunga, lichero ngati chigamba cha matope.

Abiti anayang'ana, anayandikira, anapukuta maso. "Sindikuona kanthu. Musandivutitsenso."

Sabata yomweyo Che Kassimu anagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanzere linafa. Kuluka kunathera pomwepo, kujambulanso kosatheka.

Mkazi wa Latif, Ruksana, sanamukalipire. Anangomusitira malaya, n'kunena chapansipansi, "Bambo a Zaituni, pitani kwa Godknows. Manyazi sapha munthu."

Latif anafika pa shopu chisoti chili m'manja. Asanatsegule pakamwa, Godknows anamukokera mpando.

"Sekuru, bambo anu, ali bwanji? Ndamva."

"Ali moyo. Koma kanema uja ndinafufuta."

"Inu munafufuta. Gogo wangayu safufuta nkhope ya munthu wamkulu."

Anatembenuza kompyuta. Che Kassimu uyo, akuluka, zala zikuthamanga. Latif anakhala pansi. Godknows sananene kuti ndinakuuzani. Anangomuthirira tiyi m'kapu yake yomwe, iye n'kumwera m'chivundikiro cha fulasiki.

Ulendo uno Latif anadikira. Godknows anatulutsa kanemayo pawiri. Wamkulu anabena pa DVD, n'kumuyesa kaye pa TV ya m'shopumo. Wamng'ono anamuika pa Intaneti kuti abale a ku Joni aone. Chimbale anachikulunga m'katoni kuti chisakandike m'basi.

Ku Namwera anthu anadzaza m'nyumba. Abiti anakhala kutsogolo, manja atapinda, nkhope ili gwa. Anaonera mpaka pamene mkuluyo anafika pa mkombero, n'kuupinda chobwerera.

"Imitsani pomwepo!"

Anaimitsa. Mayiyo anagwira galasi la TV.

"Manja a atate awa. Kassimu, wamanzere iwe! Unathawa osamaliza lichero langa!"

Nthungululu inamveka mpaka ku msikiti.

Tsiku lomwelo Abiti anaimba pa foni yobwereka. Latif anaiika pa khutu la bambo ake. Mkuluyo sankatha kuyankhula bwino, koma anthu a pa komboni anamva okha mawu amodzi, "Alhamdulillah." Mlongo wake anamulalatira mpaka foni kutentha, iye akungoseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Patapita nthawi, kondakita anabweretsa thumba lochokera kwa Abiti, mpunga wonunkhira ndi usipa. Latif anagawa pakati. Anapeza Godknows ali kalikiliki ndi kasitomala, anaika theka lija pansi pa tebulo, n'kutuluka.

Phunziro: Kanema amene mwajambula koyamba musamufufute. Wa pa WhatsApp ndi chithunzithunzi chabe, musabene chimbale kuchokera pamenepo. Tulutsani pawiri, wamkulu wa chimbale, wamng'ono wa pa Intaneti. Ndipo munthu akakuuzani kuti dikirani, mverani, chifukwa manja a makolo athu saluka mpaka kalekale. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene foni yake yadzaza lero.