Mabotolo Asanu a Chiponde

Padangokhala, padangotero. Nkhumba adali ndi kampani yosinja chiponde. Mbewa zinkasenda mtedza, Nkhanga n'kumalemba mabuku.

Pakutha pa chaka Nkhumba adaitanitsa msonkhano. "Abale anga, phindu palibe. Malipiro anuwa andimaliza, ndiwadula."

Nkhanga adalumpha. "Iyayi bwana, lipoti la phindu lokha limabisa zambiri! Ine ndalemba lina. Tikachotsa mtengo wa mtedza umene tidagula, thukuta lathu lidawonjezerapo mabotolo khumi a chiponde. Tiyeni tione amene adanyambita."

Adayamba kuwerenga: "Malipiro a Mbewa zonse, botolo limodzi. Msonkho kwa a Njovu, limodzi. Chiwongoladzanja cha a Ng'ona, awiri. Kukonzetsa mtondo, limodzi. Nanga asanu otsalawo, bwana?"

Nkhumba adafuna kunamizira akuba, koma lilime lidakakamira m'kamwa. "Ng'uu! Ng'uu!"

Mbewa ina idamukwera pamphuno n'kununkhiza. "Anzanga, musavutike kufunafuna. Mabotolo aja ali m'kati umu, akuyankha okha!"

Mpaka lero, mukaifunsa nkhumba kumene kudapita chuma, imangoti ng'uu.

Yathera pompa. Kaphuleni mtedza usanapserere!