Kadontho Kofiira pa Batire

Aphunzitsi a sayansi atafika pa desiki pake, Kamfupi anagunditsa waya ku batire. Babu osayaka. Anagunditsanso. Zii, abale!

"Sabata yonseyi mumatani, mayi? Ziro," anatero aphunzitsi, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

Komatu m'mawa womwewo babulo linayaka bwinobwino, asanasungitse chikwama kwa mnzake wapamtima popita kuchimbudzi.

Pa desiki yotsatira, babu la mnzakeyo linali ngwee, aphunzitsi mpaka kuwomba m'manja. Kamfupi anasuzumira. Batire la mnzakeyo linali ndi kadontho kofiira kumutu, utoto wa zikhadabo umene Kamfupi anapaka yekha kuti asamasokoneze mbali polumikiza.

"Iwe," ananong'ona, "batirelo n'landani?"

Mnzakeyo sanacheuke n'komwe. Anangophimba kadonthoko ndi chala.