Nthambi Panjira ya Mpikisano

Atangokhota pakona yomaliza yotsikira phiri la Zomba, Sellina Makwinja anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Anagwira mabuleki.

Patsogolo pake panalibe aliyense. Mpikisano wa amayi wotsetsereka phirili panjinga unali wake chaka ndi chaka, ndipo wopambana tsikuli ndiye akanakaimira dziko kunja. Bondo lake linali litamuuza kale kuti chaka chamawa sadzapikisananso.

Kuseri kwa mpanda waudzu, amayi ankaimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Abambo anali atakhala m'mbali mwa msewu.

Sellina anatsika, anavula chipewa chake cholimba, n'kuyamba kukankha njinga.

Kumbuyo kwake kunalira mabuleki ena. Anali Rumana, mwana wa a Goolam a sitolo ya m'tauni, amene chaka chonse ankalimbana naye. Nayenso anatsika, akupuma mwawefuwefu.

Kenako atsikana awiri anawadutsa paliwiro, mitu ili pansi. Nthambi imodzi inakankhidwa ndi tayala. Bambo wina wachikulire anadzuka, anakaibwezera pamalo pake.

"Atipitirira, a Sellina," ananong'ona Rumana.

"Ndawaona."

"Tithamangeko pang'ono?"

"Ayi, achemwali. Anthuwa akulira."

Anayenda limodzi mpaka nyimbo ija inatsalira kumbuyo. Atadutsa nthambi zomaliza, Sellina anavalanso chipewa, anamanga lamba pachibwano mosapupuluma. Kumunsi, fumbi la atsikana aja linali lisanathe.

"Tsopano musandimvere chisoni," anatero Sellina, n'kuyamba kupalasa.