Mphete Pansi pa Mpando

"Ingozulani mpandowo bambo, ndakugwirani mwendo!" anatero mkulu wake wa mkwati kwa makanika pagalaja, thukuta litanyowetsa kolala. Mphete ya mkwatibwi inali itagwera pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo kutchalitchi kwaya inali itayamba kubwereza nyimbo.

Makanika anapukusa mutu. "Mumpandomu muli chibaluni chija chimafufuma pangozi. Mukumuona waya wachikasuyu? Ndikamukhudza tisanachotse batire, chitiphulikira kumaso. Tichotse kaye, tidikire mphindi khumi."

"Khumi? Abusatu akuti ali ndi ukwati wina!"

Anadikirabe. Foni inalira kanayi, mkuluyo osayankha. Ankangozungulira galimoto.

Nthawi itakwana, makanika anagwada ndi sipanala, kenako anadzuka akudzikanda m'mutu.

"Pepani achimwene, mabawuti akumbuyo abisika. Mpandowu ngoyendera magetsi, ndimayenera kuusuntha ndisanachotse batire. Tilumikizenso, tiusunthe, tichotsenso, kenako khumi zina."

Mkulu uja anangokhala pansi, pa oyilo pomwepo, suti yake yobwereka osaikumbukanso.

Makanika analumikiza batire n'kudina batani. Mpando unasendera kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo pakapeti, poyerayera, mphete inali ikunyezimira pafupi ndi chipeso chakale. Bawuti ndi imodzi yomwe sinamasulidwe.

Mkuluyo anaitola. Foni inaliranso. Anali mng'ono wake, mkwati mwiniwakeyo.

"Ndaipeza! Auzeni abusa ndikubwera!"

"Musathamange achimwene, tatuluka kale. Amayi anavula yawo n'kutibwereka."