Lumbiro la Zerai

Zerai anaika dzanja pa buku lopatulika osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anthu anali atadzaza pakhomo la tchalitchi.

Letekidan ankamuyang'anitsitsa mlamu wakeyo. Mwamuna wa Letekidan anapezeka atafa pansi pa phompho masabata atatu apitawo, ndipo anthu ankanong'ona kuti anamukankha ndi Zerai, mng'ono wake, polimbirana munda. Akuluakulu anali atagamula kale kuti Zerai akapezeka wosalakwa, wamasiyeyo ndi kamwana kake kakamuna akakhale pakhomo pake. Letekidan ankaopa zimenezo kuposa imfa.

Koma bukulo silinali loseweretsa. Unali Uthenga Wabwino wa makolo, wolembedwa pa zikopa za mbuzi zoposa zana, dzina la Yesu lili lofiira paliponse, Mateyu ndi anzake atatu atajambulidwa ndi maso akuluakulu osaphethira. Linkakhala lotseka pakati pa matabwa ake awiri, lokulungidwa m'nsalu, ndipo ankalitsegula pa zikondwerero zazikulu zokha. Womaliza kulumbirirapo bodza anatupa lilime pomwepo, nafa Lamlungu lisanafike.

"Mwana wanga, ukudziwa chimene wagwiracho?" anafunsa wansembe, Abba Yemane.

"Ndingalephere bwanji, abambo? Zikopa ndiye ntchito yanga."

"Lumbira tsono."

"Ngati ndinawakhudza achimwene, mawu onse ali m'bukumu andidye. Ndisaone mvula ya chaka chino."

Anthu anadikira. Lilime silinatupe. Azimayi anayamba nthungululu, ndipo Letekidan anagwidwa ndi manyazi aakulu.

"Pepani alamu, ndinakuganizirani zoipa."

"Zatha izo, alamu. Tiyeni kunyumba," anatero Zerai akutsika masitepe.

Letekidan anatsalira, nagwada pamaso pa wansembe. "Abambo, ndachimwa. Ndiloleni ndipsompsone chithunzi cha Maria m'bukumo."

Abba Yemane anazengereza, koma chisoni chinamugwira. Anamasula nsalu ija.

"Muone ulusi wake kulimba," anatero. "Linayamba kuthothoka, ndiye alamu anu omwewa analisokanso bwinobwino, kutatsala sabata kuti tione maliro aja."

Anatukula thabwa. Anavundukula tsamba loyamba, lachiwiri, kenako lapakati. Zikopa zonse zinali zatsopano, zoyera mbee, popanda chilembo ngakhale chimodzi.

Letekidan anacheuka. Kunjira, Zerai anali atanyamula kale mwana uja paphewa.